Kalata yotseguka kwa atsogoleri a mipingo ndi a zamasewera m'Zomba: tumizani abusa kumabwalo

Kwa olemekezeka Mabishopu, Abambo Ansembe, Abusa ndi akulu a mipingo ya mumzinda ndi m'boma la Zomba, akuluakulu oyendetsa mpira wamiyendo, ntchemberembaye ndi masewera ena, eni matimu, makhansala ndi mafumu athu.

Tikukupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu, pokhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Amene talemba ndife aphunzitsi a matimu, oyimbira mpira, aphunzitsi a zamasewera m'sukulu, pamodzi ndi akulu a mipingo angapo amene timapezeka m'mabwalo Loweruka ndi Lamulungu. Talembera poyera kuti makolo, masapota ndi osewera eniake amve nawo, pakuti ndalama zimene titchule m'munsimu zidzachokeranso m'matumba mwawo. Ulemu wathu kwa inu uli pomwepo.

Msilikali wa ku Cobbe Barracks ali ndi chaplain wake, mbusa wotumidwa kukatumikira asilikali, ndipo anyamata a Red Lions, pokhala asilikali, ali ndi kothawira zikawavuta. Wapolisi ali naye. Wandende wa ku Zomba Central Prison amayenderedwa, wodwala kuchipatala chachikulu amayenderedwa, wophunzira ku Yunivesite ya Malawi ali ndi khomo loti akagogode. Koma mnyamata amene amathamanga m'fumbi pabwalo la ku Chinamwali, ku Matawale, ku Jali, ku Thondwe kapena ku Songani, ngakhalenso mtsikana woponya mpira wamanja kuseri kwa sukulu, palibe amene mpingo unamutuma kwa iwo. Izi zikuchitika mumzinda umene muli Zomba Theological University, seminale ya St Peter's ndi koleji ya Leonard Kamungu, kumene abusa ndi ansembe amasulidwa chaka ndi chaka. Anthu oti atumidwe alipo. Chimene chikusowa ndi bungwe lowatuma, komanso thumba lokhazikika lowayendetsa. Mabajeti a mipingo ndi a makomiti a masewera amakonzedwa chaka chilichonse, koma ntchito imeneyi siyipezamo mzere ndi umodzi womwe.

Tiyambe talongosola za munthu amene tikumufunayu, chifukwa kusamvana kwambiri kumayambira apa. Mbusa wa timu si munthu wobwera kudzapempherera chipambano. Si sing'anga wovala kolala. Ntchito yake yaikulu ndi kupezeka: kuimirira m'mbali mwa bwalo tsiku lokonzekera, kudziwa mayina a osewera onse mpaka wosunga mipira, kudziwa amene mayi ake akudwala, amene wathamangitsidwa sukulu, amene wakhala pabenchi mwezi wathunthu ndipo wasiya kuseka. Za moyo wa munthu amafunsa yekha osadikira kuitanidwa, koma za Mulungu amalankhula pamene wosewerayo watsegula yekha khomo. Ndondomeko imeneyi inayesedwa kale kwina. Ku England mbusa wa Baptist, John Boyers, anayamba kutumikira timu ya Watford mu 1977, mu 1991 anakhazikitsa bungwe la SCORE limene pambuyo pake linatchedwa Sports Chaplaincy UK, ndipo kuyambira 1992 anali mbusa wa Manchester United kwa zaka zoposa 25. Anyamata athu amawadziwa pamtima osewera onse a timu imeneyo, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kuseri kwake kunali mbusa amene sankasankha osewera, sankagwira ndalama za timu, sankaonekera pa kanema.

Dandaulo lathu loyamba ndi lakuti pemphero la pabwalo lasanduka mwambo wouma. Anyamata amagwirana mapewa, mmodzi amatsogolera, kenaka timu yomweyo imakana kulowera pageti n'kulumpha mpanda chifukwa chomva kuti anzawo atsirika polowera. Goloboyi amakumba kuseri kwa golo, wina amawaza madzi osadziwika pamzere, ndipo ndalama imene ikanagula mabandeji imapita kwa sing'anga. Zilango za oyendetsa ligi zimaletsa zooneka ndi maso, koma mantha a mumtima sizifikako. Wosewera amene amakhulupirira kuti anathyoka mwendo chifukwa mnzake wolimbirana naye nambala anamulodza, sangachire maganizo ndi faindi. Amafunika munthu wokhala naye pansi nthawi yaitali, womudziwa kale, wosamunyoza. Ulaliki wa tsiku limodzi pa fainolo sukwanira.

Lachiwiri, ndipo ndi lolemera koposa, ndi la ovulala. M'maligi a m'maboma osewera ambiri alibe kontirakiti, alibe inshulansi, amangodalira kangachepe kamene amagawana gemu ikatha. Wina akathyoka fupa la msongolo pabwalo la ku Mayaka kapena ku Chingale, choyamba ndi kusaka galimoto kapena njinga yamoto yomutengera kuchipatala, ndipo apa pomwe mkangano wa yemwe alipire umayamba munthu ali chigonere pansi. Akafika ku Zomba Central amafunika gadiyani, chakudya, ndodo zoyendera. Chikhakha chimakhala masabata 6 kapena kuposerapo. Ngati ndi mtsempha wa m'bondo waduka, kubwerera m'bwalo kumatenga miyezi 9 ngakhale kwa amene achitidwa opaleshoni yabwino, ndipo ambiri a kwathu kuno sabwereranso. Sabata yoyamba anzake amabwera gulu, zithunzi zimayenda pa WhatsApp. Pofika sabata yachitatu timu yapeza wina wovala jezi yake, foni yasiya kulira, ganyu amene ankagwira sangathe, mkazi wayamba kufunsa za lendi. Nthawi imeneyi ndi imene munthu amayamba mowa, kapena kudula yekha chikhakha nthawi isanakwane kuti akasewere bonanza, fupa n'kupindika mpaka kalekale. Mbusa wa timu amakhala ndi kaundula wa ovulala: amawayendera kawiri sabata yoyamba, kenaka kamodzi pa sabata mpaka achire, amawakumbutsa tsiku lobwerera kuchipatala, amalankhula ndi mwini timu kuti asamutaye, amalumikiza banja ndi mphakati kapena mlaga wapafupi. Ndi ntchito yopanda ulemerero, koma pakadali pano palibe amene anapatsidwa.

Pomwepa tionjezepo za ngozi zadzidzidzi. Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwa pabwalo ku Lyon pa 26 Juni 2003 namwalira ali ndi zaka 28. Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa chimodzimodzi ku Copenhagen mu Juni 2021, koma anapulumuka chifukwa anthu odziwa anayamba kumukanikiza pachifuwa nthawi yomweyo, ndipo makina odzutsira mtima anali pafupi. Pamabwalo athu ambiri palibe ambulansi, palibe namwino. Wosewera akagwa popanda womugunda, osayankha, osapuma bwino, anthu amamuthira madzi, amamukupiza ndi malaya, ena amamutsegula kukamwa ndi supuni. Chofunika ndi kumugoneka chagada pamalo olimba, kuika manja pakati pa chifuwa ndi kukanikiza mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka thandizo lifike. Amene wagundana mutu ndi mnzake n'kuyamba chizungulire, kusanza kapena kufunsa funso lomwelomwe, asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ngakhale atalumbira kuti ali bwino. Mbusa si dokotala, koma pakati pa anthu onse ozungulira benchi ndi yekhayo amene alibe phindu pa zigoli, choncho ndi amene angalimbe mtima kuuza kochi kuti mwanayu atuluke. N'chifukwa chake tikufuna aliyense wotumidwa aphunzire chithandizo choyamba, monga chimene a Red Cross amaphunzitsa.

Lachitatu ndi kubetcha ndi ngongole. Kale juga inkachitikira kuseri kwa msika. Lero ili m'foni, m'thumba la mnyamata aliyense. Wosewera amalandira alawansi madzulo, pofika usiku yatha. Amakongola katapila kuti abweze zimene waluza, amapinyolitsa foni, kenaka nsapato zosewerera zomwe. Wangongole ndiye amene amagulika msanga: goloboyi kapena woyimbira amene katapila wamufika pakhosi ndi amene amamva zonong'onezedwa masewera asanayambe. Onjezerani chamba ndi kachasu zimene ena amati zimachotsa mantha. Apolisi akhala akunena kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Mnyamata wa mpira anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Kwa kochi sangaulule, poopa benchi. Kwa abusa a kumpingo kwake sangapite, poopa bwalo la mpingo. Chipatala cha matenda a maganizo cha boma chili mumzinda mwathu momwe muno, bungwe la YONECO limene limayendetsa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana likulu lake lili kuno, koma pakati pa bwalo la mpira ndi makomo amenewa palibe womuperekeza.

Lachinayi ndi la atsikana. Kupambana kwa Scorchers pa chikho cha COSAFA mu 2023, ndiponso mbiri ya Tabitha ndi Temwa Chawinga, zachititsa makolo ambiri kulola ana awo aakazi kusewera mpira, monga momwe a Queens anatsegulira njira ku ntchemberembaye. Zimenezi n'zokondweretsa. Koma matimu ambiri a atsikana amayendetsedwa ndi abambo okhaokha: kochi ndi bambo, msungichuma ndi bambo, woyendetsa galimoto ndi bambo. Timu ikapita kutali imagona m'kalasi, ndipo amene amasankha wosewera mawa ndi yemweyo amene wasunga ndalama ya chakudya. Mtsikana akauzidwa kuti malo m'timu ali ndi mtengo wake, akanene kwa yani? Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, ndipo ambiri m'matimu amenewa ndi ana. Tili ndi amayi a Mvano, amayi a Chikatolika, a Mothers' Union, a Dorika, masisitere ndi abusa aakazi, anthu amene pamaliro ndi pachinkhoswe sasowa. Pabwalo la atsikana okha ndi pamene sanatumidwe.

Lachisanu tilinene mwachidule. Mipingo ina imamuona wosewera ngati munthu wotayika chifukwa masewera amagwa Lamulungu, ndipo wa Seventh Day amakakamizidwa kusankha pakati pa Sabata ndi jezi popanda womulankhulira. Wosewera wachisilamu, amene m'matimu a ku Domasi, Songani ndi Malosa ndi wochuluka, amathamangitsidwa padzuwa m'mwezi wa Ramadan ngati kuti wadya. Mbusa wa timu wodziwa ntchito yake amawalankhulira onsewa mofanana, ndipo Msilamu akafuna thandizo lauzimu amamuitanira shehe, osati kumukopera kutchalitchi.

Lachisanu ndi chimodzi ndi ziwawa ndi maliro. Mu Disembala 2013 munthu anafa pa chipwirikiti cha masapota pabwalo la Balaka. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa popondana pageti la Bingu National Stadium. Zimenezo zinalembedwa m'nyuzipepala. Zimene sizilembedwa ndi woyimbira amene amathamangitsidwa ndi miyala m'munda wa chimanga chifukwa cha penate, n'kukafika kunyumba osauza aliyense. Oyimbira alibe masapota, alibe timu, ndipo nawonso akufunika mbusa wawo. Wosewera akamwalira, anzake amanyamula bokosi atavala yunifolomu, mawa lake akuyembekezeka kusewera ngati palibe chachitika.

Musaganize kuti palibe amene anayesapo. M'madera ambiri mumapezeka katekisiti, mkulu wa mpingo kapena mbusa wachinyamata amene amayamba yekha kuyendera timu. Amapita miyezi itatu kapena inayi, kenaka amasiya, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Thiransipoti ndi mayunitsi amalipira m'thumba mwake. Osewera akamuzolowera amayamba kumupempha sopo, fizi, ndalama ya mankhwala, ndipo iye alibe thumba lotapamo kapena lamulo lobisalako pokana. Palibe amene anamuphunzitsa chochita mtsikana akaulula kuti wagwiriridwa. Akasamutsidwa kupita ku mpingo wina, ntchito imathera pomwepo chifukwa inali ya iye, sinali ya mpingo. Thandizo limene limabwera limakhala la apo ndi apo: mipira ndi majezi a alendo ochokera kunja, kapena zikho za andale zimene zimachuluka chisankho chikayandikira n'kuzimiririka mavoti akawerengedwa. Mphatso yotere imagula zinthu zooneka pachithunzi. Siyilipira kabaza wa munthu wokaona wodwala Lachiwiri lililonse kwa miyezi 6.

Pachifukwa chimenechi tikupempha bungwe lachifundo la mamembala olipira. Wopereka mphatso amapereka n'kuchoka. Membala amapereka mwezi ndi mwezi, amakhala ndi voti, amafunsa lipoti, ndipo bungwe limadziwiratu kuti mwezi wamawa mulowa zingati, n'kutha kulonjeza timu kuti mbusa wanu adzabwera chaka chonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tikupereka chitsanzo cha masamu choti mukambirane, manambala ake mukhoza kusintha. Munthu payekha azipereka K1,000 pa mwezi, timu K5,000, mpingo kapena parishi K20,000. Anthu 300 apereka K300,000, matimu 24 apereka K120,000, mipingo 24 ipereka K480,000. Pamodzi ndi K900,000 pa mwezi. Ndalama imeneyi ikhoza kuyendetsa abusa 12, aliyense matimu awiri osapitirira. K360,000 ipite ku thiransipoti, kutanthauza K30,000 kwa aliyense. K225,000 isungidwe ya maphunziro. K180,000 ilowe m'thumba la zadzidzidzi, lolipira galimoto yopita kuchipatala, ndodo zoyendera ndi chipepeso. K90,000 ikhale ya mayunitsi ndi mapepala, ndipo K45,000 yotsala ilipire banki ndi wowerengera chuma pakutha pa chaka. Malipiro palibe. Abusa a timu ndi odzipereka, amangobwezeredwa zimene awononga. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, choncho zopereka ziziunikidwanso pa msonkhano waukulu wa chaka chilichonse, kuti thiransipoti isadye ndalama ya maphunziro.

Mabungwe ambiri otere amafa chaka chisanathe, ndipo matenda ake ndi omwewo nthawi zonse. Oyamba ndi ndalama kulowa m'nambala ya munthu. Msungichuma amapereka nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba kuti zinthu ziyambe msanga, zopereka zimasakanikirana ndi zake, iye amabwerekako ndi mtima wobweza, ndipo pakutha pa miyezi 6 palibe amene akudziwa kuti zinalowa zingati. Mankhwala ake ndi kulembetsa bungwe poyamba, pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act ndi kutsata zofunika ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, kenaka kutsegula akaunti ya kubanki ndi ya pafoni m'dzina la bungwe. Osayinira akhale atatu ochokera m'mipingo yosiyana, ndalama izituluka awiri atasayina. Aliyense wolipira alandire lisiti lanambala. Lipoti la tsamba limodzi lizimatidwa pa bolodi la tchalitchi ndi kutumizidwa kwa mamembala mwezi uliwonse, likhale labwino kapena loipa. Anthu athu amapirira thumba lochepa, koma thumba losaoneka amalithawa.

Matenda achiwiri ndi mwini wake. Mpingo umodzi waukulu kapena munthu mmodzi wachuma akayamba kupereka theka la bajeti, bungwe limasanduka lake, ena amabwerera m'mbuyo, ndipo tsiku limene wakwiya ntchito imaima. Malamulo a bungwe anene kuti wopereka mmodzi asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za chaka, kuti membala aliyense ali ndi voti imodzi kaya amapereka zingati, ndi kuti wapampando asakhale kupitirira materemu awiri a zaka zitatu. Wandale alowe ngati membala wamba, popanda nsalu ya chipani. Ndalama za makampani obetcha ife tikuti zikanidwe, ngakhale zitakhala zambiri bwanji, chifukwa mbusa sangalangize mnyamata za juga atavala malaya ogulidwa ndi juga yomweyo.

Achitatu ndi kuiwala kutolera. Mwezi woyamba anthu amalipira ndi chimwemwe, wachitatu theka laiwala. Mpingo uliwonse ndi timu iliyonse ikhale ndi wotolera mmodzi wosunga buku la mayina, tsiku lolipira likhale limodzi lodziwika, monga Lamulungu loyamba la mwezi. Alimi a kumidzi aloledwe kulipira za chaka chonse akakolola, asodzi ndi ogulitsa nsomba a ku Kachulu alipire nyengo imene nyanja ya Chilwa ili yotsegula. Amene walephera miyezi itatu akumbutsidwe mwaulemu, osamuwerenga paguwa.

Achinayi, owopsa kuposa onse, ndi kutuma munthu wolakwika. Ntchito imene imapatsa munthu mwayi wofika pafupi ndi ana imakopanso anthu a zolinga zoipa, ndipo kolala siyitchinjiriza mwana. Aliyense wofuna kutumidwa abweretse kalata ya mpingo wake, makalata a anthu awiri omudziwa amene si abale ake, ndi chiphaso cha kupolisi chosonyeza kuti alibe mlandu. Aphunzire masiku osachepera asanu asanaponde pabwalo: kumvetsera, kusunga chinsinsi ndi malire ake, kuteteza ana, zizindikiro za munthu wofuna kudzipha, chithandizo choyamba, kutumikira anthu a zipembedzo zina. Pa chinsinsi pasakhale chibwibwi. Zonse zimene wosewera wanena zimathera pomwepo, kochi asazimve, kupatula zitatu: mwana akuchitidwa nkhanza, munthu akufuna kudzivulaza, kapena akufuna kuvulaza wina. Pazitatuzi mbusa amamuuza wosewerayo poyera kuti nkhaniyi ndiipititsa kwa othandiza, n'kupita naye ku Victim Support Unit, ku ofesi yosamalira anthu kapena kuchipatala. Asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, asamutengere kunyumba kwake, asalandire chakhumi kwa osewera, asabwereketse ndalama zake. Timu ndi bungwe zisayinirane pepala limodzi lonena zimenezi, ndi kuti mbusa adzapezeka kamodzi pa sabata pokonzekera komanso tsiku la masewera a pakhomo. Chaka choyamba chikhale choyesera, ndipo timu ikhale ndi ufulu wopempha munthu wina popanda kuopa kuti yanyoza mpingo. Abusawa nawonso azikumana miyezi itatu iliyonse ndi mlangizi wodziwa, chifukwa womva mavuto a anthu 50 amalemedwa naye.

Tikudziwa kuti ena mwa inu, Abusa athu, mudzati thumba la mpingo lili kale ndi denga lodontha, nyumba ya mbusa yosamaliza ndi zopereka za ku likulu. N'zoona. Koma achinyamata amene mumadandaula kuti sakuoneka m'tchalitchi sanapite kutali. Ali pabwalo la sukulu yoyandikana ndi tchalitchi chanu, masana aliwonse, kuyambira 3 koloko mpaka dzuwa kulowa. Ena a inu, akuluakulu a masewera, mudzaopa kuti abusa adzasandutsa chipinda chovalira kukhala chitsitsimutso, kapena kugawa timu pakati pa Akhristu ndi Asilamu. Mantha amenewo ndi oyenera, ndipo zimenezo zimachitikadi pamene munthu wadzituma yekha. Bungwe lokhala ndi malamulo ndilo limakupatsani kokadandaula ndi mphamvu yomuchotsa.

Choncho, mwaulemu, tikupempha izi:

1. Atsogoleri a mipingo yonse ya m'Zomba, kudzera m'mabungwe amene amakusonkhanitsani kale, muitanitse msonkhano umodzi ndi makomiti a masewera ligi ikubwerayi isanayambe, ndipo musankhe komiti yongogwirizira ya anthu osapitirira 9, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi, mmodzi akhale wosewera kapena amene anasewerapo.

2. Komiti imeneyi ipatsidwe miyezi itatu yolemba malamulo, kulembetsa bungwe ndi kutsegula akaunti. Tambala isatoleredwe akaunti isanatsegulidwe.

3. Mpingo uliwonse, kudzera mu sesoni, khonsolo ya parishi kapena komiti yake, ulowe umembala ndi kuika choperekachi mu bajeti ya chaka, chisamadikire mbale yapadera. Upatsenso bungweli mphindi zisanu pa zolengeza kamodzi pa miyezi itatu kuti Akhristu paokha alembetse.

4. Mpingo uliwonse wolowa upereke mayina awiri, bambo ndi mayi, oti akaphunzitsidwe. Asakhale odzozedwa okhaokha. Katekisiti, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma ntchito kapena namwino wokonda masewera akhoza kuigwira bwino ntchitoyi kuposa mbusa wa mipingo isanu amene Lamulungu sapuma.

5. Sukulu zaubusa za mumzinda muno zibwereke zipinda ndi aphunzitsi pa maphunzirowa, ndipo zilole ophunzira a chaka chomaliza kukachita ntchito yawo yoyeserera m'matimu, moyang'aniridwa, monga amachitira m'zipatala ndi kundende.

6. Makomiti a mpira wamiyendo, ntchemberembaye ndi masewera a m'sukulu aike pa fomu yolembetsera timu malo a dzina la mbusa wake, amupatse chiphaso cholowera pabwalo, ndipo alamule kuti timu ya atsikana isapite kokagona popanda mayi wovomerezeka. Oyimbira apatsidwe mbusa wawo wapadera amene alibe timu.

7. Eni matimu alipire umembala wa timu kuchokera ku ndalama za pageti kapena za sponsa, asadule pa alawansi ya osewera.

8. Makhonsolo a mzinda ndi boma, amene amabwereketsa mabwalo, aonetsetse kuti mpikisano uliwonse wopatsidwa chilolezo, kuphatikizapo mabonanza, uli ndi bokosi la chithandizo choyamba, munthu wophunzira kuligwiritsa ntchito, ndi galimoto yodziwika yonyamula wovulala.

9. Akuluakulu a Chisilamu aitanidwe kuyambira pa msonkhano woyamba, kuti pakhale mndandanda wa mashehe amene abusa a timu angawaimbire, ndi kuti makolo achisilamu amve kuchokera kwa atsogoleri awo chimene bungweli lili ndi chimene silili.

Kwa inu makolo, masapota ndi osewera akale amene mukuwerenga nawo: itengeni kalatayi mukaipereke kwa abusa anu, kwa bambo mfumu, kwa wapampando wa timu ya m'dera lanu, ndipo muwafunse tsiku la msonkhano. Musatumize ndalama kwa aliyense amene angakupatseni nambala yake m'dzina la ntchitoyi. Dikirani mpaka dzina la bungwe ndi akaunti yake zilengezedwe m'tchalitchi mwanu. Pakadali pano, matimu alembe mayina a osewera awo amene ali pakhomo ndi kuvulala, ndi midzi imene akukhala, kuti komiti ikadzakhala pansi idzapeze poyambira.

Ife anu mu utumiki ndi m'masewera,

Aphunzitsi a matimu, oyimbira, aphunzitsi a zamasewera ndi akulu a mipingo okhudzidwa,
Zomba